Gemu yathu ya Diplomacy yatha: ndani anapereka Tunis kwa France?

Mphunzitsi Wakale (woyang'anira gulu):
Abale, gemu ya Diplomacy, yolimbirana malo pa mapu a ku Ulaya, imene tinayamba pa webusaiti ya Backstabbr miyezi iwiri yapitayo yatha usiku wathawu. France ya a Gologolo yapambana, yakwanitsa masenta 18 (malo a pa mapu amene amawerengedwa pofuna wopambana) italanda Tunis mu Fall 1910, ulendo wachiwiri wa chaka chimenecho cha m'gemu. Monga mwa chizolowezi chathu, aliyense amene anasewera anene mmene anaionera. Zobisa zatha tsopano, mauthenga a mseri mukhoza kuwaulula. Pempho langa ndi limodzi: tikambe za pa bolodi, za kunyumba zitsale kunyumba. A Kadzidzi ndi a Nachisale, ndikunena inu.

Kadzidzi (Austria):
Zikomo aphunzitsi. Ndiyambe ndine, chifukwa zala zonse zikuloza kuno. Inde, sitima yanga ya ku Aegean ndi imene inagunda Ionian Sea n'kudula sapoti ya Tunis. Chala sichinaterereke ayi. Ndinalemba odayo ndikudziwa chimene ndikuchita, ndipo mutandibwezera pomwe paja ndingachitenso chimodzimodzi.

Koma nkhaniyi isayambire pa 1910, iyambire pa 1901. Alamu anga a Nachisale anandilembera tsiku loyamba lomwe kuti Venice ndi Trieste ndi nyumba zogundana khoma, ife awiri tikayambana odyerera ndi Turkey ndi Russia. Sananame, pa mapu onse palibenso mayiko awiri amene masenta a kwawo ali ogundana chonchi. Tinapangana za Lepanto, njira yoti Italy ndi Austria amenyere Turkey limodzi. Iwo anatenga Tunis, ine Serbia ndi Greece. Mu 1902 msilikali wawo anawoloka nyanja kuchokera ku Tunis n'kukatsika ku Syria, chaka chotsatira analowa mu Smyrna, ine ndili kalikiliki kumugwira miyendo Turkey ku Bulgaria.

Spring 1903 anasuntha msilikali wa ku Venice kupita ku Tyrolia. Ndinafunsa. Akuti alamu musade nkhawa, ameneyu maso ake ali pa Munich. Kutha kwa chakacho anamanga msilikali wina mu Venice. Ndinafunsanso. Akuti ndi mlonda chabe, akuopa France. Ndiye Fall 1904: Venice kulowa mu Trieste, Tyrolia kulowa mu Vienna, Ionian kulowa mu Greece. Ndinagona ndili ndi masenta 6, ndinadzuka ndili ndi 3. Chimene chinandipweteka kwambiri n'choti usiku womwewo anali atandilembera kufunsa ngati chifuwa cha mwana chaleka. Kumaso kumwetulira, mpeni kumphasa.

Nachisale (Italy):
Alamu, za chifuwa cha mwana ndinafunsa ndi mtima wonse, ameneyo ndi mwana wanganso. Za Trieste nazo ndinachita ndi mtima wonse. Ziwirizi zisasokonezedwe.

Bwampini (Turkey):
Kkkkk ine ndinafa mu 1905, ndakhala ndikuonera ndili kumanda. Pitirizani, zokoma zayamba.

Nachisale (Italy):
Ndifotokoze bwino, chifukwa akundipaka matope ngati ndine mfiti. Amene anasewerapo Italy akudziwa umphawi wake. Senta yaulere imene uli nayo ndi Tunis yokha basi. Austria ali ndi Serbia ndi Greece pakhomo, ndipo Rumania ndi Bulgaria sizili patali. Ine ndinathera zaka zitatu kuwolotsa msilikali mmodzi kuti ndipeze Smyrna. Pangano linali loti Constantinople ikhala yanga. Nanga n'chifukwa chiyani sitima yanu inakakhala ku Aegean, pakhomo penipeni pa Constantinople, n'kusiya Greece yopanda munthu? Ndinawerenga bolodi ndinaona kuti pofika 1906 inu mukhala ndi 9, ine ndidakali ndi 5, ndipo asilikali anu akamaliza Russia alibe kwina kopita koma ku Venice. Sindinafune kudikira kuti ndione ngati muli ndi chisoni.

Kadzidzi (Austria):
Sitima ija inali yokusapotani inu kulowa mu Constantinople. Oda ilipo, kaoneni mbiri ya gemu, Fall 1904.

Nachisale (Italy):
Ndinaiona. Ndinaiona mawa lake, zinthu zitachitika kale.

Kanyimbi:
Akuluakulu pepani kulowerera. Ine ndangolowa m'gulu muno sabata yatha, ndimasewera Risk pa foni, Diplomacy sindinaikhudzepo. Kudula sapoti ndiye kutani? Sitima imodzi ya munthu wa senta imodzi ingagwetse bwanji gemu yonse?

Mphunzitsi Wakale (woyang'anira gulu):
Mwafunsa bwino mwana wanga, khalani pansi. Mu Diplomacy mulibe madayisi, ndipo mulibe msilikali wamphamvu kuposa mnzake. Msilikali aliyense ndi sitima iliyonse mphamvu yake ndi imodzi. Awiri akafuna kulowa malo amodzi amabwezana, palibe wolowa. Kuti uchotse mnzako pamalo uyenera kukhala ndi wokusapota, kaya wako yemwe kaya wa dziko lina, kuti mphamvu zako zipose zake. Tsono wosapotayo akagundidwa ndi wina kuchokera kumbali, ngakhale wogundayo asalowe, sapoti ija yafa. Ndiye kudulako.

Chinanso n'choti anthu onse asanu ndi awiri amalemba maoda awo mobisa, ndipo nthawi ikakwana zonse zimayenda pakamodzi. Palibe zoti uone kaye zimene mnzako wachita. Mapu ndi a ku Ulaya nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanayambe, chaka choyambira ndi 1901, mayiko ndi England, France, Germany, Italy, Austria, Russia ndi Turkey. Masenta onse ndi 34. Aliyense amayamba ndi atatu kupatula Russia amene amayamba ndi anayi, ndipo 12 otsalawo amakhala opanda mwini. Ukatha chaka uli ndi masenta ambiri umamanga asilikali ena kwanu, akachepa umachotsa. Wofika pa 18 ndiye wapambana.

Za Tunis zinali chonchi. Sitima ya Italy inali mu Tunis, ikusapotedwa ndi ya ku Ionian ndi ya ku Tyrrhenian, mphamvu zitatu. France analowa ndi ziwiri. Sitima yake ya ku Gulf of Lyon inagunda Tyrrhenian, zinatsala ziwiri kwa ziwiri, zimene zikanakhala kubwezana. A Kadzidzi atagunda Ionian inatsala imodzi kwa ziwiri.

Njati (Russia):
Achemwali a Nachisale mukanatumiza Tyrrhenian kukagunda Western Mediterranean m'malo mosapota. Sapoti ya France ikanafa.

Gologolo (France):
Ayi achimwene, zimenezo ndinaziganizira. N'chifukwa chake yolowa mu Tunis inali sitima ya ku Western Mediterranean yomweyo, wosapota anali msilikali wa ku North Africa. Amene akuyenda sungamudule sapoti chifukwa sakusapota aliyense. Ndipo sapoti ya ku North Africa palibe wa inu amene akanaidula. A Kadzidzi atangovomera, panalibenso oda yopulumutsa Tunis.

Njati (Russia):
Chabwino, pamenepo ndagonja. Koma ine mlandu wanga ndi wa onse awiri. A Nachisale anabaya bwino, masenta atatu pakamodzi si masewera, ambiri amabaya chifukwa cha senta imodzi n'kudzipezera mdani wa moyo wonse. Cholakwa chawo n'choti sanamalize. Ukaganiza zobaya mnzako, onetsetsa kuti pakatha zaka ziwiri kulibenso. Iwo anatenga atatu aja n'kutembenukira ku Ankara, ine ndinatola Budapest ndi Serbia ngati mango akugwa okha, ndipo a Kadzidzi anatsala ndi Bulgaria ndi sitima imodzi. Munthu wa senta imodzi alibe choluza. Ndi woopsa kuposa wa masenta 8.

Koma a Kadzidzi nanunso munalakwira tonse. France atafika 16 tonse tinayenera kuiwala zakale n'kutseka mzere. Ine ndinasiya kumenya Italy mu 1908, ndinatumiza asilikali ku Silesia ndi Prussia, ndinalola St Petersburg kupita kuti ndigwire Moscow ndi Warsaw. Zonsezo zapita m'madzi chifukwa cha mkwiyo wa munthu mmodzi. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, koma ndaona kuti chikhoza kugwetsa denga.

Kanyimbi:
Mzere wake uti umenewo?

Mphunzitsi Wakale (woyang'anira gulu):
Pa mapu pali mzere wosaoneka umene umadutsa pa Switzerland, dziko limene palibe angalowemo, n'kugawa masenta pakati. Kumpoto ndi kumadzulo kuli 17: atatu a England, atatu a France, atatu a Germany, Belgium, Holland, Denmark, Norway, Sweden, Spain, Portugal ndi St Petersburg. Kummwera ndi kummawa kulinso 17, ndipo Tunis ili mbali imeneyo. Tanthauzo lake n'loti ngakhale utadya mbali yako yonse sunapambane, uyenera kuwoloka n'kukatenga imodzi ya tsidya lina. Anthu a tsidya linalo akagwirizana n'kuimika asilikali m'malo oyenera, aliyense akusapota mnzake, palibe chimene ungachite ngakhale mutasewera mpaka 1950. Gemu imathera polepherana. Gemu zambiri za anthu odziwa zimatha choncho, n'chifukwa chake solo, kupambana kwa munthu mmodzi yekha, ngati ya a Gologolo si ya tsiku lililonse. Malo amene nthawi zambiri amaweruza nkhaniyi ndi Tunis, Munich, Berlin, Marseilles, Spain ndi St Petersburg.

Kadzidzi (Austria):
A Njati, popeza mwayamba za kugwirizana, ndiulule kapena muulula nokha?

Njati (Russia):
Ululani.

Kadzidzi (Austria):
Spring 1910 a Gologolo ananditumizira chithunzi cha uthenga umene a Njati anawalembera. Mawu ake anali akuti tikatseka mzere tisavote kaye zothetsa gemu polepherana, ine ndi Italy tichotse Bulgaria kuti tigawane atatu osati anayi. Ndiye kuti ine ndigwire Aegean, ndilondere nyumba yanu usiku wonse, kukacha mundiphe. Ndine chitsiru cha mtundu wanji? Mzere umenewo unali wopulumutsa inu, osati ine. Ine ndinali wakufa kale mbali zonse ziwiri. Chimene chinatsala m'manja mwanga chinali kusankha wodya maliro anga.

Bwampini (Turkey):
Eeeh! Koma ziliko. A Njati, chithunzicho n'chenicheni kapena a Gologolo anachiphika pa kompyuta?

Njati (Russia):
N'chenicheni. Ndinalembadi. Cholinga changa chinali kumugoneka France kuti aone ngati kulepherana kwa atatu kukumukomera, aleke kulimbana ndi Tunis. Kaya tikanachitadi kapena ayi, sindinganene motsimikiza. Mwina tikanachita. Sindinaganize kuti akatula uthengawo kwa mwini wake.

Nachisale (Italy):
Ine zimenezi ndikuzimva lero. A Njati, munkandigawira ntchito yopha alamu anga osandiuza?

Njati (Russia):
Mukanakana?

Nachisale (Italy):
Funso limenelo silili pa ndandanda wa lero.

Gologolo (France):
Mundilole ndinene mbali yanga, ndakhala chete nthawi yaitali. Ambiri mukuona ngati gemuyi ndinaipambana ku Tunis. Ine ndikuona kuti ndinaipambana mu Spring 1905, tsiku limene ndinalembera a Kadzidzi kuwapepesa. Nthawi imeneyo France ndi Austria tinalibe malire, panalibe chimene akanandithandiza. Ndinangowauza kuti ndaona zimene zachitika, ndipo ngati akufuna tiziwerengera limodzi maoda awo ndilipo. Kuyambira pamenepo sindinadumphitse ulendo ndi umodzi womwe osawalembera. Nthawi zina mizere iwiri chabe. Nditamva kuti Russia akufuna Serbia ndinawauza, ndipo zinachitikadi. Nditamva kuti Bulgaria sigundidwa chaka chimenecho ndinawauza, zinachitikanso. Pofika 1910 anali ataona mawu anga akupherezera kakhumi. Chithunzi chija akanakhala kuti wawatumizira ndi munthu amene sanawalemberepo, akanati ndi bodza lofuna kuwagwiritsa ntchito.

Ndinawafunsa kuti a Nachisale anakulemberani kangati chibayireni. Anati kamodzi, mu 1909, ndipo uthenga wake unali oda: ikani sitima ku Aegean, musasunthe. Wopanda ndi moni yemwe.

Nachisale (Italy):
Pamenepo ndivomera. Manyazi anandigwira. Umalemba chiyani kwa munthu amene wangomulanda nyumba zitatu? Ndiye Lamlungu lake tinakumana pa chinkhoswe, anandipatsa moni ngati wapolisi wa pamsewu.

Gologolo (France):
Umalemba zoona, achemwali. Umati ndakubayani chifukwa ndimaopa kuti mundidya mu 1906, sikuti ndikudana nanu, ndipo Bulgaria sindiikhudza ngati mundisungira Aegean. Munthu amakwiya tsiku limodzi kapena awiri, kenako amayamba kuwerenga bolodi. Koma ukangoti zii, amakhala yekha ndi mkwiyo wake zaka zisanu, ndipo woyamba kumupatsa moni ndiye mbale wake.

Pa gemu yonseyi ndinanama kawiri kokha. Koyamba kwa England za English Channel mu 1903. Kachiwiri kwa Germany mu 1906, pamene ndinalonjeza kuti Burgundy ikhala yopanda msilikali. Kwina konse ndinkanena zoona kapena kungokhala chete pa zimene sindinafune kuulula. Bodza lili ngati ndalama ya pa mpamba, ukaigwiritsa ntchito pogula zitumbuwa tsiku lililonse sudzagula katundu wamkulu.

Nungu (Germany):
Kachiwiriko kanali kokwanira. Zaka zisanu tikuyenda limodzi, ndinasiya Munich ndi Ruhr pambalambanda n'kutumiza zonse ku Scandinavia ndi ku Warsaw. Sindikudandaula, ndinayenera kufunsa kuti England atatha asilikali anu a ku Picardy ndi Paris akudikira ndani. Mnzako akakhala ndi asilikali opanda ntchito kumbuyo kwako, ntchito yawo ndiwe. Sindinenanso zambiri.

Tsokonombwe (England):
Ine ndipepese gulu lonse, chifukwa France ananenepa ndi nyama yanga mosavutikira. Fall 1903 sindinatumize maoda. Kuno magetsi anazima kuyambira m'mawa, foni inathima, ndipo atayaka usiku bandulo inali itatha. Pamene ndinkalowa nthawi inali itadutsa ndi mphindi makumi awiri. Kwa a Kanyimbi: ukapanda kutumiza maoda asilikali ako onse amangoima pamene ali, osasapotana. Liverpool inapita choncho, chaka chotsatira London. Sindikuti ndikanapambana, koma France sakanafika masenta 9 pofika 1905.

Njati (Russia):
Ili ndiye vuto lalikulu la kusewera pa intaneti, kuposa ngakhale kunama. Munthu mmodzi akasowa, oyandikana naye amalemera popanda kukambirana ndi aliyense, ndipo ife a kutali timangoonerera. Pa webDiplomacy ndinasewerapo gemu ina ndi anthu osawadziwa, atatu anathawa isanafike 1904. Sinalinso gemu, inali mpikisano wotola za amasiye.

Mphunzitsi Wakale (woyang'anira gulu):
Langizo langa ndi lakale lomwe lija. Ulendo watsopano ukangotseguka lembani maoda oyamba nthawi yomweyo, ngakhale musanalankhule ndi munthu. Mukhoza kuwasintha kangapo konse nthawi isanatseke. Oda yoipa iposa kusowa oda.

Kanyimbi:
Ndiye ndikamva zonsezi Risk ili bwino. Kumeneko ndimangotenga Australia, ndikutseka khomo limodzi la ku Siam, ndikulandira asilikali awiri owonjezera ulendo uliwonse, n'kumadikira ena aphane. Palibe alamu, palibe kupepesa.

Bwampini (Turkey):
Aise, Australia imeneyo ndi imene imapusitsa ana. Umakhala m'kona ndi asilikali awiriawiri pamene mnzako wagwira North America akulandira asanu. Ndipo kutuluka kwake ndi kudzera ku Asia, kumene kuli madera 12 ndipo palibe amene amakugwira n'kukhalitsa. Ine ndinasewera Risk zaka zambiri ndisanabwere kuno. Nakonso kuli ndale, kungoti n'zosalemba. Ukasiya kugunda munthu amene watsegula malire, wamuuza kanthu. Ukaunjika asilikali 30 pakhomo pake, wamuuzanso kanthu. Luso lalikulu kumeneko ndi kuoneka wachiwiri mpaka kumapeto, chifukwa aliyense amamenya wotsogola, komanso kudziwa nthawi yomaliza munthu wofooka kuti utenge makhadi ake. Chimene ndinachokerako ndi madayisi. Wogunda amaponya atatu, wodziteteza awiri, akafanana wapambana ndi wodziteteza. Tsiku lina ndinataya asilikali 14 pa anthu atatu a ku Brazil, ndinatsala pang'ono kuponya foni m'chitsime. Mu Diplomacy ukafa umadziwa dzina la wokupha. Anga ndi awiri, ndipo ndi pachilamu.

Tsokonombwe (England):
Zoseketsa n'zoti Turkey ndiye Australia ya Diplomacy. Kona yabwino, yovuta kulowamo, koma yotalikira masenta 18.

Bwampini (Turkey):
Yovuta kulowamo mpaka anthu atakuchita Lepanto. Cholakwa changa chinali kukangana ndi Russia za Black Sea. Spring 1901 tinabwezana, Fall tinabwezananso, 1902 chimodzimodzi, sitima yanga ya ku Ankara sinapite kulikonse. Tikanagwirizana ine ndi a Njati, Austria ndi Italy sakanaona 1906. Mgwirizano wa Russia ndi Turkey anthu amautcha Juggernaut, ndipo amauopa pa chifukwa chomveka.

Njati (Russia):
Ndinakupemphani kawiri kuti Black Sea ikhale yopanda sitima. Munandiyankha ndi kachithunzi koseka.

Bwampini (Turkey):
Ndinkaona ngati mukundinyengerera kuti mulowemo. Koma ndifunse a Gologolo, ndipo musakwiye. Mauthenga anu aja, aulemu, opanda cholakwika ndi chimodzi chomwe, ofika nthawi yake ngati wotchi, ankalemba ndinu kapena makina? Ndinamva kuti kuli kompyuta imene inagonjetsa anthu pa gemu yomweyi.

Gologolo (France):
Kkkk ndine ndemwe achimwene. Ndimagwira ntchito usiku kuno ku Leeds, nthawi yopuma ndilibe wocheza naye koma inu.

Mphunzitsi Wakale (woyang'anira gulu):
Imene mukunenayo ndi Cicero, ya kampani ya Meta, eni ake a Facebook. Anailengeza mu Novembala 2022. Inasewera gemu 40 pa webDiplomacy ndi anthu amene sankadziwa kuti akulemberana ndi makina, ndipo mapointi ake anaposa kawiri a munthu wapakatikati. Pakati pa amene anasewera gemu yoposa imodzi inali m'gulu la 10 pa 100 apamwamba. Koma zinali gemu zothamanga, mphindi zisanu ulendo uliwonse, osati zathu zino za masiku awiri zimene munthu amakhala ndi nthawi yokufufuza mtima. Opanga ake ankati anaiphunzitsa kunena zimene ikufunadi kuchita, ngakhale ofufuza ena pambuyo pake anaonetsa malo amene nayo inanamiza anzake. Mmodzi mwa amene anagwira nawo ntchitoyo ndi Andrew Goff wa ku Australia, amene wakhala katswiri wa dziko lonse katatu, ndipo amadziwika ndi kusakonda kunama pa bolodi. Anthu akunja amaganiza kuti gemuyi ndi ya akathyali. Amene afika patali ambiri amasewera ngati a Gologolo.

Palinso mtundu wina umene amautcha gunboat, wopanda mauthenga n'komwe. Kumeneko umalankhula ndi maoda okha. Ukasapota msilikali wa mnzako ngakhale sakufunika sapoti, ndiye kuti ukumupempha ubwenzi.

Nachisale (Italy):
Imeneyo ndiye yondiyenera ine. Palibe wodandaula kuti sunamupatse moni.

Nungu (Germany):
Aphunzitsi, funso lapambali. Mwana wanga anaona mapu pa laputopu n'kufunsa kuti Africa ili kuti. Ndinamuonetsa North Africa ndi Tunis m'munsimo, akuti basi?

Mphunzitsi Wakale (woyang'anira gulu):
Mwanayo ali ndi maso. Anapanga gemuyi ndi Allan Calhamer wa ku America, anaimaliza cha mu 1954 n'kuitulutsa mu 1959, ndipo maganizo ake anachokera ku maphunziro a mbiri ya ku Ulaya amene anachita ku Harvard. Anajambula Ulaya yekha, koma mayiko omwewa, pamodzi ndi ena, ndi amene anakhala pansi ku Berlin mu 1884 ndi 1885 kukambirana za kugawana Africa, mwini nthaka kulibe. Chaka cha 1901 chimene timayambira, kuno kunali British Central Africa, dzina la Nyasaland linabwera mu 1907. Ndipo mapangano awo atasweka mu 1914 moto unafika mpaka pa nyanja yathu. Mu Ogasiti chaka chimenecho sitima ya Angelezi ya Guendolen inawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku gombe la tsidya lija, ndipo mu Seputembala kunamenyedwa nkhondo ku Karonga. Ndikamakankha tizidutswa timeneti nthawi zina ndimakumbukira kuti pa bolodi lenileni ife tinali senta yopanda mwini. Koma ndisasandutse gulu kukhala kalasi, ndinapuma ntchito.

Njati (Russia):
Tibwerere ku mlandu. Ine ndikufuna lamulo: munthu asapereke gemu dala kwa wina. Apo ayi aliyense wobayidwa azingothamangira kwa wamkulu, ndipo kubaya kudzatha, gemu idzakhala ya mapemphero.

Kadzidzi (Austria):
Lamulo limenelo likadutsa ndiye kuti wamng'ono alibenso chogulitsa. Chida chokha cha munthu wa senta imodzi ndi kunena kuti mukandipha ndigwetsa denga tonse tinyowe. Ndipo mawuwo amagwira ntchito pokhapokha anthu akudziwa kuti ukhozadi kuchita. Tsopano mukudziwa.

Gologolo (France):
Ndili mbali ya a Kadzidzi, osati chifukwa ndadyerapo. Kusunga mzere ndi ntchito ya akuluakulu a mzerewo. Wamng'ono umamulipira, umamulonjeza malo pa kulepherana, mwinanso kumubwezera senta imodzi kuti akhale ndi choteteza. A Nachisale mukanawabwezera Greece mu 1909 ine ndikanathera pa 17.

Nachisale (Italy):
Greece yokha?

Kadzidzi (Austria):
Ngakhale moni, alamu.

Mphunzitsi Wakale (woyang'anira gulu):
Lamulo loletsa sindiika, chifukwa palibe angaweruze za mumtima mwa munthu. Chimene tingasinthe ndi kawerengedwe ka mapointi. Pano timagawa mofanana kwa onse otsala, ndiye chimene chimapangitsa anthu kufuna kupha ang'onoang'ono kuti ogawana achepe. Pa webDiplomacy pali njira ina imene amaitcha sum of squares, imene imayang'ana kuchuluka kwa masenta a munthu aliyense. Pamenepo kupha wa senta imodzi sikukupindulira zambiri, ndiye uthenga ngati wa a Njati sukhala ndi chifukwa cholembedwera. Ili ndi zovuta zake, anthu amalimbirana masenta mpaka tsiku lomaliza, koma tiyeni tiiyese kamodzi.

Zoletsedwa zikhala zomwe zija: kukhala ndi maakaunti awiri, kupangana gemu isanayambe, ndi kutengera ngongole ya gemu ino ku gemu yotsatira. Chachitatuchi ndikunena ndikuyang'ana banja lina lake.

Tsokonombwe (England):
Ndipemphe kuti ulendo uzikhala wa maola 48 ndipo uzitseka 9 koloko usiku nthawi ya kuno, osati masana. Komanso tikhale ndi munthu mmodzi wapadera woti akhoza kulowa m'malo mwa amene wasowa kawiri.

Bwampini (Turkey):
Ndipo mayina abisidwe. Tisadziwe kuti Italy ndi ndani mpaka kumapeto. Ngakhale a Gologolo tidzawadziwa ndi moni wawo wa mizere itatu.

Kanyimbi:
Ngati pali malo ndilembeni. Koma ndikupempha ndisapatsidwe Austria.

Mphunzitsi Wakale (woyang'anira gulu):
Mayiko amagawa ndi makina, mwana wanga, mukapeza Austria mulembere Italy musanamwe ndi tiyi yemwe. A Nungu akuti apuma ulendo uno, ndiye malo awo ndi anu. Amene ndawalemba: Kadzidzi, Nachisale, Gologolo, Njati, Bwampini, Tsokonombwe, Kanyimbi. A Nungu akhala wapadera uja. Tiyamba Lolemba, linki nditumiza Loweruka madzulo.

Nachisale (Italy):
Alamu, Loweruka lomwelo ndikubwera kudzatenga poto wanga wamkulu uja. Mudzakhalapo?

Kadzidzi (Austria):
Ndidzakhalapo. Poto mudzamupeza pakhonde, m'nyumba musalowe, makamaka ngati mukuti mukungodutsa popita ku Munich.